50 kuphatikiza 50 si 100: chifukwa chake ndimatchula kachasu m'kalasi la Chemistry

Anzanga aphunzitsi ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga kuno ku Chiwamba. Ndikudziwa kuti mwabalalika, ena muli m'tauni ku Lilongwe, ena ku Joni, ena muli konkuno mukulimbana ndi khasu. Papita nthawi ndisanalembe kanthu, mundikhululukire, teremu yathayi inali ya mpanipani. Lero ndabwera ndi nkhani imene ndikudziwa kuti ena mwa inu muipukusira mutu. Palibe kanthu, ingowerengani kaye mpaka kumapeto kuti tikanganirane bwino.

Tsiku lina Loweruka masana ndili pakhonde kuchonga makope, ndinangoona mnyamata akukankha njinga yamoto kulowa pabwalo panga, thukuta lili kamukamu. Ndi mmodzi mwa ana amene ndinawaphunzitsa zaka zingapo zapitazo, pano amayendetsa kabaza. Atapereka moni anati, "Aphunzitsi, pepani kukuvutitsani. Njingayi yangozima pamsewupa ndipo ikukana kulira. Petulo ndathira m'mawa womwe uno, wa m'botolo." Ine si makaniko, komabe ndinamuuza kuti amasule kabawuti ka pansi pa kabureta, tikhetsere mafutawo m'botolo loonekera mkati. Titadikira pang'ono, m'botolomo munaoneka zigawo ziwiri. Pamwamba panali petulo, pansi timadzi totuwa.

Mnyamata uja anapsa mtima. "Andithirira madzi anthu aja!" Ndinamuuza kuti adekhe. Mwina amuthiriradi, mwinanso chigubu chimene anasungiramo petuloyo chinali ndi madzi otsalira pansi, kapena chinagona panja chosatseka. Kenako ndinamuuza kuti zimene akuona pansizo si madzi okha, gawo lalikulu ndi ethanol amene madziwo amukoka kumuchotsa m'petulo. Anandiyang'ana modabwa. "Ethanol? M'petulo muli ethanol, aphunzitsi?"

Funso limenelo linandibaya. Mwana ameneyu anakhoza bwino Physical Science pa MSCE. Akanatha kundilakatulira tanthauzo la solute, solvent, miscible ndi immiscible osapumira. Koma chinthu chimene amagula tsiku ndi tsiku, chimene chimadyetsa iye ndi banja lake, sankadziwa kuti ndi solution. Sindikumunena iyeyo ayi. Amene anamuphunzitsa ndine.

Mfundo yanga ndi iyi. Mutu wa kusakaniza zamadzimadzi timauphunzitsa ngati ndakatulo yoloweza, chonsecho ndi umodzi mwa mitu imene ana athu adzakhale nayo moyo wawo wonse. Timakonda kunamizira kusowa kwa labotale. Ine ndikuona kuti vuto lalikulu n'lakuti zitsanzo zabwino zimene tili nazo m'mudzi muno timachita nazo manyazi, makamaka kachasu.

Tiyambe ndi chinthu chophweka. Funsani kalasi la Fomu 3 kuti 50 ml ya madzi kuphatikiza 50 ml ya ethanol ipereka zingati. Onse aimika manja, yankho 100. Ndiye thirani iwo akuona. Ngati ethanol wanu ndi weniweni wopanda madzi, mupeza pafupifupi 96 ml. Ngati mwagwiritsa ntchito methylated spirit wa kugolosale, amene ali kale ndi madzi pang'ono, kusiyanako kumachepa koma kumaonekabe. Palibe chimene chatayikira pansi. Mukaika pa sikelo, kulemera sikunasinthe. Chimene chachepa ndi malo amene zinthuzo zikutenga. Ngati mulibe measuring cylinder, kapaipi kakatali koonekera mkati kotseka mbali imodzi kamagwira ntchito bwino. Thirani madzi mpaka theka, sipiriti pamwamba pang'onopang'ono mpaka kudzaza, tsekani ndi chala, tembenuzani kangapo. Muona mpata waoneka pamene panalibe, ndipo chala chanu chikukokeredwa mkati. Kalasi limangoti zii.

Kwa zaka zambiri ndinkafotokoza zimenezi ndi chitsanzo cha ndowa ya miyala ndi ndowa ya mchenga, kuti mukaziphatikiza sizidzaza ndowa ziwiri chifukwa mchenga umalowa m'mipata. Ana amachimva msanga, koma ndivomere kuti n'choona theka lokha. Ma molecule a madzi amagwirana ndi ma hydrogen bond m'njira yosiya mipata. Ethanol naye ali ndi mbali ya OH imene imatha kugwirana ndi madzi. Ziwirizi zikakumana zimakonzanso kagwiranidwe kake, n'kuthinana kuposa mmene chilichonse chinalili pachokha. Umboni wakuti nkhani si kukula kwa ma molecule kokha ndi wakuti pali zosakaniza zina zimene zimafufuma pang'ono m'malo mochepa, monga ethanol ndi cyclohexane. Musaganize kuti ndi nkhani yachibwana. Dmitri Mendeleev, yemwe uja wa periodic table, digiri yake ya udokotala mu 1865 anailembera pa nkhani yomweyi ya kusakaniza alcohol ndi madzi.

Kodi 4 ml yosowayo ili ndi ntchito yanji pa moyo? Kumbukirani 2020, matenda a Covid-19 atafika, aliyense akufuna mankhwala opaka m'manja. Malangizo a bungwe la WHO opangira malita 10 amati muthire 8,333 ml ya ethanol wa 96 peresenti, 417 ml ya hydrogen peroxide wa 3 peresenti, ndi 145 ml ya glycerol. Mukawonkhetsa mupeza 8,895 ml. Mwana wa masamu anganene kuti kwatsala 1,105 ml ya madzi. Koma malangizowo sanena choncho. Amati thirani madzi mpaka afike pa mzere wa malita 10. Ndi chifukwa chomwecho timauza ana kuti popanga standard solution adzaze volumetric flask mpaka pa mzere. Ambiri amangoloweza lamuloli osadziwa kuti linachokera kuti.

Tsopano gwirani kapaipi kaja m'manja. Mumva kuti kafunda pang'ono. Apa ndi pamene thermodynamics imalowera. Kuti zinthu ziwiri zisakanikirane, ma bond akale ayenera kumasuka, ndipo zimenezi zimafuna mphamvu. Kenako ma bond atsopano amapangika, ndipo zimenezi zimatulutsa mphamvu. Kusiyana kwa ziwirizi ndiko timati enthalpy ya kusakaniza, ΔH. Kwa madzi ndi ethanol yotuluka imaposa yolowa pang'ono, n'chifukwa chake kumangofunda. Kwa madzi ndi sulphuric acid wosasungunula, yotulukayo ndi yochuluka moopsa.

Tonse timaphunzitsa lamulo lakuti thira asidi m'madzi, usathire madzi m'asidi. Ndi angati mwa ife amene timapereka chifukwa chake? Asidi wa 98 peresenti ndi wolemera, 1.84 g pa ml imodzi, pamene madzi ndi 1 g. Mukathira madzi pang'ono pamwamba pake, madziwo amayandama, kutentha konse kumaunjikana m'timadzi tochepato, timawira nthawi yomweyo n'kuthovukira kumaso pamodzi ndi asidi. Mukathira asidi pang'onopang'ono m'madzi ambiri, amamira, ndipo kutenthako kumamwazikana, pakuti galamu imodzi ya madzi imafuna pafupifupi 4.2 J kuti ikwere digiri imodzi yokha. Mwana amene wamva chifukwa chimenechi sadzaiwala kuti chiyambe n'chiti. Woloweza uja tsiku lina adzatembenuza.

Musaganize kuti zimenezi zimathera m'labotale. Amayi a m'magulu opanga sopo amasungunula caustic soda m'madzi, ndipo chidebe chimatentha mpaka osagwirika. Pa trading pano nyumba zambiri zotchajira mafoni ndi zoonetsera mpira zimadalira mabatire a sola. Madzi a m'batire lotere, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi sulphuric acid. Mulingo ukatsika, chimene chachoka kawirikawiri ndi madzi, asidi ali momwemo. Choyenera kuwonjezera ndi distilled water. Ndaonapo anyamata akuthiramo asidi wina poganiza kuti akulipatsa mphamvu, kenako akudandaula kuti batire silinakhalitse.

Koma si zonse zimene zimatentha. Tengani magalamu 60 a feteleza wa urea, muthire m'theka la lita ya madzi, mutakase. Madziwo azizira ndi madigiri pafupifupi 6, moti ngakhale mulibe thermometer, dzanja la mwana limva. Ana a alimi ena amazidziwa kale, kungoti palibe anawafunsapo. Ndiye funsani kalasi funso ili: tinaphunzira kuti zinthu zimakonda kutsetserekera kumene kuli mphamvu yochepa, ngati mwala pa phiri. Nanga urea wasungunuka bwanji yekha, chonsecho wachita kulanda kutentha kwa madzi kuti atero?

Yankho lake ndi mawu amene ana athu ambiri amakakumana nawo koyamba ku koleji, entropy. Dzinali anapereka ndi Rudolf Clausius wa ku Germany mu 1865. Ine ndimalifotokoza ndi lichero. Ikani nyemba zofiira mbali imodzi, zoyera mbali inayo, mupatse mwana apete. Posachedwa zasakanikirana. Muuzeni apitirize kupeta mpaka zibwerere mmene zinalili. Apeta mpaka dzuwa kulowa, sizitheka. Palibe mphamvu imene ikuletsa nyemba kubwerera. Kungoti njira zimene nyemba zingakhalire zitasakanikirana n'zochuluka kwambiri kuposa njira zimene zingakhalire zitapatukana, ndiye kupeta kulikonse kumagwera kumene kuli njira zambiri. Ma molecule amapetedwa usana ndi usiku ndi kutentha kwawo komwe.

Katswiri wina wa ku America, Josiah Willard Gibbs, m'zaka za m'ma 1870 anaika ziwirizi pa sikelo imodzi. Masiku ano timalemba kuti ΔG = ΔH − TΔS, ndipo zinthu zimasakanikirana zokha pamene ΔG ili pansi pa ziro. Sindikunena kuti tiwerengetse ana a Fomu 3 masamu amenewa. Ndikunena kuti mwana aliyense angathe kumva kuti pali kukokana kwa zinthu ziwiri, kagwiranidwe ka ma molecule mbali iyi, kumwazikana mbali inayo. Palafini ndi dizilo ali ndi ma molecule ofanana mtundu, ΔH ili pafupi ndi ziro, entropy imapambana popanda wolimbana nayo, ndiye amasakanikirana pa mulingo uliwonse. N'chifukwa chake dizilo wothiridwa palafini simungamuone ndi maso, palibe zigawo ziwiri. Urea amafuna kutentha kuti asungunuke, koma kumwazikana kwake n'kwakukulu moti kumalipira ngongoleyo. Mafuta ophikira ndi madzi ndi nkhani ina. Mafuta sangalowe nawo m'ma hydrogen bond, ndiye ma molecule a madzi amakakamizika kundandalika mwadongosolo mozungulira molecule iliyonse ya mafuta. Pamenepo entropy imatsika m'malo mokwera, ndipo ngakhale mukhutchumule botolo ola lathunthu, zidzapatukanabe.

Makolo anati madzi akatayika saoleka. Thermodynamics imangowonjezerapo pang'ono: kuoleka amaoleka, koma mulipira. Kusakaniza n'kwaulere, kulekanitsa n'kolipira. Mukathira Sobo m'madzi simulipira kanthu, koma yesani kumuchotsamo.

Ndiye ndikufunseni, m'dera lathu lino, ndani amene amalipira mtengo umenewu sabata ndi sabata, ndipo amaudziwa bwino kuposa ine ndi inu? Ndi mayi wotcheza kachasu. Amaviika madeya ndi shuga m'madzi kwa masiku angapo, yisiti imasandutsa shuga kukhala ethanol, koma siingapitirire 14 kapena 15 peresenti chifukwa ethanol yemweyo amaifooketsa. Kuti apeze chakumwa chaukali ayenera kulekanitsa ethanol ndi madzi, ndipo mtengo wake ndi nkhuni, madzi oziziritsira paipi, ndi tsiku lathunthu ali mu utsi. Chimene timajambula pa bolodi ndi choko, flask apa, condenser apa, chilipo chenicheni kuseri kwa nyumba zambiri.

Ndipo chimakonza bodza lina limene ambirife timaphunzitsa mosadziwa. Timati ethanol amawira pa 78°C, madzi pa 100°C, choncho tikatenthetsa ethanol amatuluka yekha n'kusiya madzi. Choyamba, manambala amenewa ndi a m'mbali mwa nyanja yamchere. Kuno ku chigwa cha Lilongwe tili pamtunda wopitirira mamita 1,000, madzi amawira cha pa 96 kapena 97°C, ndipo mwana amene thermometer yake yaonetsa choncho sanalakwitse. Chachiwiri, zosakanizazo siziwira mosinthana. Zimawira pamodzi, pa digiri ina ya pakati, ndipo nthunzi imakhala ndi zonse ziwiri, kungoti ethanol amachulukirapo. Phala la 10 peresenti limatulutsa nthunzi yoyamba imene pafupifupi theka lake ndi ethanol. Pamene ethanol akuchepa mu mphika, nthunzi nayo imanka ichuluka madzi. N'chifukwa chake botolo loyamba, limene amati mutu, limakhala laukali, otsatirawo n'kumanka nafooka. Nkhani ya nthunzi ya zosakaniza anaifufuza François-Marie Raoult wa ku France m'zaka za m'ma 1880. Ine ndinafunsapo mayi wina wachikulire chifukwa chimene sasonkhezera moto wambiri kuti amalize msanga. Anandiseka. "Aphunzitsi, moto ukachuluka umatuluka wamadzi. Umafuna kuunyengerera." Sanapiteko ku sekondale mayi amenewo.

Palinso khoma limene moto sungaligumule. Mukabwereza kutcheza kambirimbiri, ukali umakwera mpaka kufika 95.6 peresenti poyeza kulemera, basi. Pamenepo zosakanizazo zimawira pa 78.2°C, pansi pang'ono pa ethanol weniweni, ndipo nthunzi imakhala chimodzimodzi ndi zotsala mu mphika. Timati azeotrope. Ngakhale fakitale yaikulu bwanji singadutse pamenepa ndi kutcheza kokha. N'chifukwa chake mabotolo ambiri a ethanol amalembedwa 95 kapena 96 peresenti, monga uja wa m'malangizo a WHO.

Apa pali phunziro limene lingapulumutse moyo. Methanol, m'bale wake wa ethanol, amawira cha pa 65°C, alibe mtundu, fungo lake n'lovuta kusiyanitsa, ndipo amasakanikirana ndi ethanol ndi madzi pa mulingo uliwonse. Pang'ono pokha amachititsa khungu, ochulukirapo amapha. Methylated spirit anamuthira dala zinthu zapoizoni kuti asamwedwe. Ndamvapo anyamata akunena kuti ukamusefa pa nsalu, pa buledi kapena pa makala ndiye kuti wayera. Mwana amene wamvetsa kuti solution ndi chiyani amadziwa kuti sefa amagwira zoyandama, sagwira zosungunuka, ndipo ngakhale mtundu utachoka, poizoni amatsala. Mu 2024 tinamva za anthu amene anamwalira ku Blantyre atamwa mowa umene anthu anaupatsa dzina lakuti "Ambuye n'tengeni". Womwa mowa wosadziwika kasakanizidwe kake alibe njira yodziwira ndi maso kapena lilime chimene chili m'botolomo. Kodi chimenechi sichoyenera kuti mwana achimve kwa mphunzitsi wa Chemistry asanakachimve kumaliro?

Tibwerere kwa mnyamata wa kabaza uja. Dziko lathu linayamba kuthira ethanol m'petulo mu 1982, fakitale ya Ethanol Company itatsegulidwa ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, ndipo tinali m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa kuchita zimenezi. Mu 2004 kunabwera PressCane ku Chikwawa. Onsewa amapanga ethanol kuchokera ku molasses, zotsalira popanga shuga. Mulingo wake m'petulo wakhala ukusinthasintha pakati pa 10 ndi 20 peresenti malinga ndi nthawi. Ntchito yake ndi yomwe ija ya mayi wa kachasu, kuwiritsa ndi kutcheza, koma ethanol wopita m'petulo ayenera kudutsa khoma lija la azeotrope mpaka kupitirira 99 peresenti. Mafakitale a ethanol amachita zimenezi ndi njira zina zowonjezera, monga kudutsitsa ethanol m'timiyala tapadera toyamwa madzi. Kudzivutitsa konseku n'chifukwa cha zimene tinaona m'botolo pakhonde panga.

Petulo ndi madzi sagwirizana. Ethanol ali ngati nkhoswe pakati pawo: mbali yake ya OH ndi m'bale wa madzi, mbali inayo ndi m'bale wa petulo. Madzi akakhala ochepa kwambiri, nkhosweyo amawasunga onse m'nyumba imodzi. Koma malire ake ndi ochepa. Petulo wa 10 peresenti ethanol amapirira madzi okwana pafupifupi 5 ml pa lita imodzi, kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo kukazizira monga m'mawa wa June ndi July amapirira ochepera pamenepo. Madzi akapitirira malire, nkhoswe amasankha mbali. Amatsatira madzi, n'kukhazikika nawo pansi pa thanki, pamene pali potulukira mafuta opita ku kabureta. Injini imayamwa zimenezo n'kuzima. Petulo wotsala pamwamba naye waluza ethanol amene amamukwezera octane, ndiye ngakhale njinga italira, siikoka bwino.

Zaka zimene mafuta anasowa, 2011 ndi 2012, ndiponso maulendo angapo kuyambira 2022 mpaka 2024, zinatiphunzitsa kusunga petulo m'zigubu ndi m'mabotolo. Kumidzi kuno, kumene filling station ili kutali, botolo ndilo pampu yathu. Ogulitsa ambiri ndi ana athu omwe, ogula ndi ana athu omwe. Wina amatsuka chigubu ndi madzi mwaukhondo, n'kuthiramo petulo chisanaume, osadziwa kuti wawononga malonda ake. Wina amamenyedwa pomuganizira kuti ndi wakuba. Onsewa anakhala pa desiki kutsogolo kwathu zaka zinayi.

Ndikudziwa zimene ena mukufuna kunena, chifukwa ndinazimva kale m'staff room. Choyamba mukuti, aphunzitsi, mukuphunzitsa ana kutcheza kachasu, makolo ndi a mpingo akamva atiyesa chiyani? Ndiyankhe mosabisa. Kachasu wawononga anthu kuno. Ndaona anyamata anzeru, amene ndinkayembekeza kuti adzafika ku yunivesite, atatupa masaya ali ndi zaka 25. Sindibweretsa kachasu pasukulu, sindituma ana kumalo otchezera, ndipo sindiphunzitsa kaviikidwe kake. Koma kunamizira kuti ana sakudziwa kachasu n'kudzinyenga. Ena fizi yawo imachokera momwemo. Kukhala chete kwathu sikunachepetse botolo ndi limodzi lomwe. Kwangochititsa kuti ana aziona Chemistry ngati nkhani ya kutali, ya magalasi amene sadzawagwira.

Chimene ndimachiopadi ndi china. Chaka china nditatchula kachasu m'kalasi, ana anaseka, ena n'kutembenukira kwa mtsikana wina amene mayi ake amatcheza. Mwanayo anaweramitsa nkhope mpaka belu kulira. Ndinalakwa, chifukwa ndinailowa nkhaniyo mwanthabwala. Kuyambira pamenepo sindifunsa kuti ndani kwawo amatcheza, ndipo ndimayamba ndi kunena kuti tikukamba za luso la distillation, lomwe lija limene amagwiritsa ntchito ku Dwangwa ndi kumalo oyengera mafuta. Ngati simungathe kuikamba mwaulemu, bola muisiye.

Chachiwiri mukuti entropy mulibe m'mafunso a MANEB, ndipo silabasi ndi yaitali. N'zoona kuti nthawi ndi yochepa. Koma zonse ndafotokozazi, kapaipi, urea ndi lichero, zimakwana m'mapiriyodi awiri. Ndipo mwana amene waona ndi kugwira zimenezi amayankha bwino mafunso a exothermic ndi endothermic, a fractional distillation ndi a standard solution, amene alimo ndithu. Kuloweza kumatha mwana akangotuluka m'chipinda cha mayeso. Mnyamata wa kabaza uja ndi umboni wanga.

Chachitatu ndi chija cha labotale. Ambirife tili m'ma CDSS, ndipo tikudziwa mmene zinthu zilili. Koma ndi kangati takhala pa maphunziro a SMASSE, amene anayamba m'dziko muno mu 2004, tikuuzidwa zogwiritsa ntchito zimene tili nazo? Mawu akuti TALULAR tonse timawadziwa, timawalemba m'ma scheme. Botolo la sipiriti, kapaipi, urea wodzaza dzanja, nyemba za mitundu iwiri, mafuta ophikira pang'ono, mtengo wake sufika pa nkhuku imodzi. Chenjezo lokha: sipiriti ndi petulo zikhale kutali ndi moto, za petulo muchitire panja ndipo muchite nokha mphunzitsi, ndipo asidi wosasungunula musamugwire popanda magalasi oteteza maso. Ngati mukufuna kuonetsa ana kuti m'petulo muli ethanol, thirani 10 ml ya madzi m'botolo, lembani mzere pamene afika, onjezani 90 ml ya petulo, khutchumulani, dikirani. Gawo la pansi likwera kupitirira mzere uja.

Ndiye pempho langa kwa inu anzanga a ku Nsaru, Kabudula, Nambuma, Namitete ndi Mpingu ndi lakuti muyese kamodzi kokha teremu ikubwerayi. Musanalembe tanthauzo lililonse pa bolodi, funsani kaye 50 kuphatikiza 50. Tikadzakumana ku cluster mudzandiuze mmene zinayendera, ndipo ngati mukuona kuti ndasokonekera pa nkhani ya kachasuyi, mudzandiuze pamaso. Safunsa anadya phula, ine ndine wokonzeka kumva.

Kwa inu ana anga amene munamaliza kale, pepani kuti zina sindinakuuzeni nthawi yake. Chigubu cha petulo chizikhala chouma mkati ndi chotseka bwino. M'batire muzithira distilled water. Posungunula asidi kapena caustic soda, madzi ayambe kulowa m'chidebe, zinazo pambuyo, pang'onopang'ono. Ndipo chakumwa chimene simukudziwa amene wasakaniza, palibe sefa amene angachiyeretse.

Mnyamata uja tinakhuthula thanki yonse, tinaisiya padzuwa kuti iume, anakagula petulo wina, njinga inalira. Masiku ano amayenda ndi botolo loonekera mkati, ndipo asanathire petulo wa m'njira amayamba wamuimika kaye pang'ono n'kuyang'ana pansi. Anzake a pa siteji akuti amamuseka kuti wasanduka wasayansi, koma awiri ayamba kale kubwereka botololo.

Tsalani bwino nonse. Ndibwerere ku makope anga, akadali mulu.